Thobwa la Zelesi Pamzere wa Choko

“Woledzeretsa dziko lino ndinu, a Nduna! Inuyo ndi akazi anu! Auzeni anyamata anuwa asiye chidebe changa!”

Wokuwayo anali Zelesi, mayi wogulitsa thobwa pamsika wa Pirirani, mu ufumu wa Ndizomwezo. Wolozedwa chala anali Olemekezeka a Mkombaphala, Nduna ya Zakumwa Zozizira, Zofunda ndi Zina Zonse Zamadzimadzi, amene Lolemba limenelo anabwera ndi galimoto zisanu ndi ziwiri kudzatsegulira Sabata Yothana ndi Uchidakwa. Sabata yotere satsegulira chimanjamanja. Pamafunika wina wogwidwa. Apolisi atamwaza maso msika wonse, anapeza kuti chidebe cha Zelesi ndicho chinali pafupi ndi pamene anaimika galimoto.

“Mayi,” anatero a Nduna, akupukuta magalasi ndi nsonga ya tayi, “thobwa lanuli likununkha kugona. Thobwa logona ndi mng'ono wake wa masese.”

“Lagona kuti? Ndawiritsa m'mawa womwe uno, chidebe chikadali chofunda, gwirani muone! Nanga uyo ali apoyo wamwa thobwa la ndani?”

Pansi pa nsanja imene a Nduna analankhulirapo panali patagona mkulu woliza lipenga mu bandi ya apolisi, chipewa kumaso, atakumbatira botolo ngati khanda.

“Ameneyo wamwa tiyi,” anatero a Nduna. “Akupuma.”

“Ndizomwezo!” anavomera apolisi onse pamodzi, pakuti m'dziko limenelo wamkulu akalankhula yankho limakhala lomwelo, ndipo dzina la dziko linachokera pamenepo.

Lamulo limene anamugwira nalo Zelesi linali lisanathe ola chibadwire. A Nduna anali atangoliwerenga pansanja pomwepo: wogulitsa mowa popanda laisensi, ndende miyezi isanu ndi umodzi, ndipo malo ake pamsika alandidwe; wantchito wa ufumu womwa mowa pa ntchito, kaya ndi mesenjala kaya ndi nduna, miyezi yomweyo, udindonso uthere pomwepo. Atatha kuwerenga analimeza. Ku Ndizomwezo lamulo silikhala lamulo mpaka litamezedwa: nduna ikaliwerenga, amaibweretsera chikho chamkuwa chodzaza madzi a m'chitsime cha kunyumba ya mfumu, iyo n'kumwa anthu akuona, kuti mawu atsike akakhazikike. Lamulo losamezedwa amakulungira usipa.

Malo amene ankati alandidwewo anali pansi pa mtengo wa mtangatanga, moyang'anana ndi siteji ya minibasi. Zelesi anakhalapo zaka khumi ndi chimodzi. Yunifolomu za ana ake awiri, makope, sopo, malata atatu amene anaphimba pamwamba pa bedi, zonsezo zinatuluka m'chidebe chimene wapolisi anali kuchikweza m'galimoto, akulawa ndi chala.

Amene sanapondeko ku Ndizomwezo amve kaye za tiyi uja. Dzina lake ndi Tonthola. Ankapangidwa ku fakitale ya Mayi Mkombaphala, akazi awo a Nduna: masamba a tiyi, shuga wosayeza, ndi chinkhungu china chonenepa ngati chiwindi cha ng'ombe, chimene chinkayandama pamwamba pa mgolo n'kumasasitsa madziwo. Tsiku lomuthira m'botolo ankakhala wofatsa, wowawasa pang'ono chabe, woti n'kupatsa apongozi. Koma tiyiyu sankasiya kuwira chifukwa chakuti amutsekera. Ankawira m'lole. Ankawira mosungira katundu. Ankawira pa shelefu ya golosale, pansi pa malata a mu Okutobala, kotero kuti pakutha masabata atatu botolo linkatupa mimba, ndipo politsegula munthu ankalilozetsa kumene kulibe anthu. Papepala lake panali zilembo zofiira: MULIBE MOWA NGAKHALE DONTHO.

Mowa wovomera kuti ndi mowa unali ndi minga zake: laisensi, maola otsegulira, kutalikirana ndi sukulu ndi tchalitchi. Tonthola, pokhala tiyi, ankalowa paliponse ngati fumbi. Anali m'golosale iliyonse, m'kantini ya pasukulu, pachipata cha chipatala. Madalaivala a minibasi ankamwa mabotolo awiri asanalize injini, ati maso ayere. Akuluampingo amene analumbira kuti mowa sadzaununkhizanso ankamwa Tonthola pokambirana za denga la tchalitchi, ndipo misonkhano yawo inkathera m'nyimbo kapena m'nkhonya, dengalo likudonthabe. Chilembereni zilembo zofiira zija, m'ufumu wonse munalibenso chidakwa. Munangochuluka anthu opuma m'ngalande.

Kale ufumu unali ndi kachipangizo kagalasi koyezera ukali wa zakumwa. Tsiku lina wina wosadziwa zinthu anakamiza mu Tonthola, ndipo kanaloza pa naini, pamene mowa wa m'mabala unkalekezera pa faifi. Nduna zinakhala pansi masiku awiri, n'kupeza kuti kachipangizoko n'kamwano, komanso kanachokera kunja, sikadziwa chikhalidwe chathu. Anakachotsa ntchito popanda penshoni. M'malo mwake anaika munthu, a Faniwelo Kamwendo, Mlawi Wamkulu wa Ufumu. Kayezedwe kake kanali kosavuta. Madzulo ankawatsekera a Kamwendo m'chipinda, kuti m'mimba mwawo musalowe kanthu kosokoneza umboni. M'mawa ankawapatsa chakumwa choimbidwa mlandu, iwo n'kuyenda pamzere wa choko wotalika mapazi khumi ndi awiri. Akaphonya mzere, ndi mowa. Akauwongola, si mowa. A Nduna ankati njira imeneyi mayiko ena akuisirira.

Lachiwiri m'mawa Zelesi anaima m'bwalo lalikulu la ku Bweranimawa, likulu la ufumu. Nduna zinali zitakhala mbali zonse ziwiri. Kutsogolo, pampando wa zikopa, panali Mfumu Osandidzutsa Wachitatu, amene ankalamulira dziko ali m'tulo. Pambali pake pankaima mlembi amene ntchito yake inali kuyang'ana mutu wa mfumu: ukagwera kutsogolo, mfumu yavomera, ukagwera pambali, nkhani idikire.

A Kamwendo analowa. Anali bambo woonda, wa jekete yamamendulo, thukuta lili chuchuchu ngakhale kunali kusanatenthe. Atawapatsa kapu ya thobwa, manja awo ananjenjemera mpaka theka linathera pa malaya. Lotsalalo anamwa. Anaponda mzere kamodzi, kawiri, ndipo kachitatu mwendo wamanzere unatsanzika n'kupita kwawo. A Kamwendo anautsatira, ndipo onse awiri anakathera pamiyendo ya Nduna ya Misewu.

“Mowa!” anakuwa a Mkombaphala.

“Ndizomwezo!”

“Tsopano, kuti mayiyu asanene kuti tikumukondera, tiyerekeze ndi tiyi.”

Anabweretsa mabotolo awiri a Tonthola. A Kamwendo anawapapira osapuma, n'kukhala pansi pang'ono. Nkhope inabwerera. Thukuta linauma. Ataimirira anayenda pamzere uja ngati msilikali pa perete, kufika kumapeto n'kutembenuka ndi chidendene, n'kuchitira mfumu sawatcha.

Zelesi anayamba kudzikayikira. Zimene anaonazo anaona ndi maso ake, sanachite kuuzidwa. Kodi chimera chija chinali chokalamba? Kodi zaka zonsezi wakhala akumwetsa mowa amayi oyembekezera, odwala otuluka m'chipatala, ana ake omwe?

“Chilango chili m'lamulo,” anatero a Nduna. “Mfumu ingovomereza.”

Onse anayang'ana mlembi. Mlembi anayang'ana mutu. Ntchentche inatera pakhutu la mfumu, ndipo mutu unagwera pambali.

“Lachisanu,” anatero mlembi.

Lachitatu Zelesi anadzuka mamawa mwa chizolowezi, n'kupezeka ali pamsika opanda chidebe. Pansi pa mtangatanga paja panali amuna awiri akuyeza ndi chingwe, ndipo pamtengopo anali atakhomapo kale chikwangwani: PANO PAKUBWERA KANTINI YA TONTHOLA. Anakakhala pakhonde la golosale ya Lufeyo, mnzake wapamsika, amene anali mkati akusanja mabotolo.

“Achemwali, chigamulo ndi Lachisanu, koma chikwangwani penti yake yauma,” anatero Lufeyo. “Boma lathu likafuna limafulumira.”

“Musandiseketse achimwene. Nanga mabotolowo mukuwasunthiranji? Si amodzi omwewo?”

“Amodzi? Shelefu yapansiyi ndi obwera dzulo, a ana asukulu. Yapakatiyi ndi a sabata imodzi, a amayi a kwaya. Yapamwambayi, yogundana ndi malata, ndi a masabata atatu. Amenewo ndi a madalaivala ndi aphunzitsi olemba mayeso ofiira.”

“Ndiye mukudziwa kuti ndi mowa.”

“Ine? Ine ndimadziwa kuwerenga basi. Papepala alemba kuti mulibe.”

Ali mkati molankhula, kumsewu kunatulukira munthu akuyenda ngati njinga yopindika gudumu. Analowera ku tomato, n'kubwerera, n'kupepesa mbuzi, n'kudzagwira mzati wa khonde ndi manja onse awiri. Anali a Kamwendo, opanda mamendulo.

“Wa masabata angati, bwana?” anafunsa Lufeyo.

“Atatu, mwana wanga. Fulumira.”

Lufeyo anatsitsa botolo lapamwamba, n'kulilozetsa kukhoma. Linati phwii! Manja a a Kamwendo sanathe kuligwira, kotero Lufeyo anawagwirira pakamwa ngati akuyamwitsa mwana wa mbuzi wamasiye. Botolo lachiwiri anagwira okha. Patapita kanthawi anasiya mzati uja, n'kukonza kolala, n'kuima chilili ngati mtengo wa bulugama.

Zelesi anawayang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, n'kubwereranso kumapazi.

“Bambo, musanafike pano mwamwa chiyani m'mawa uno?”

“Palibe, mayi. Vuto lake ndi limenelo.”

“Ndiye mumadzandira musanamwe?”

A Kamwendo anamuzindikira, ndipo anayang'ana pansi. “Ndinu a thobwa aja. Linali lokoma, mayi. Chimera chake ndi cha mawere, eti? Amayi anga ankaphika lotero.” Anakhala pathumba la mchere. “Ine ndinali telala. Ndinkalowetsa ulusi pasingano ndikucheza ndi kasitomala. Anandisankha chifukwa m'dera lonse ndinali ndekha amene sindinalawepo mowa chibadwire. Zaka zisanu tsopano, mabotolo awiri pa tsiku m'dzina la ufumu, enawo m'dzina langa. Ndikagona osamwa, m'mawa miyendo imakhala ya munthu wina.”

“Ndiye akakutsekerani usiku wonse n'kukupatsani thobwa…”

“Olo atandipatsa mkaka wa m'mawere, mayi.”

“Anawapatsadi mkaka,” anatero Lufeyo ali pamwamba pa kreti. “Chambiko cha a Nasiyaya chija chinapezeka mowa chaka chatha. Madzi a malambe, mowa. Bwemba wa amayi a kutchalitchi, mowa. Mahewu anagwa nawo mu Juni. Mukuona ngati shelefu yanga ili ndi Tonthola yekhayekha chifukwa ndimamukonda?”

Zelesi anadzambatuka. “Bambo Kamwendo, inu ndinu munthu wamkulu. Lachisanu mukanene zimenezi m'bwalo.”

“Sindingathe. Pakalata yanga ya ntchito analemba kuti umboni wanga ndi miyendo. Pakamwa ndi polowetsera basi.” Anaimirira, n'kugwira chipewa. “Mundikhululukire, mayi. Ndili ndi adzukulu.”

Anachoka akuyenda mowongoka, ngati munthu wopanda mlandu ndi wina aliyense.

Zelesi anayang'ana amuna a chingwe aja. Kenaka anafunsa: “Achimwene, inu owerenga mapepala, kodi woimbidwa mlandu saloledwa kupempha kuti ayezenso?”

“Amaloledwa kamodzi, abweretse yekha chakumwa. Palibe amene amapempha. Miyendo ndi yomwe ija.”

“Ineyo ndikufuna yomwe ijayo. Nditsitsireni botolo limodzi lapamwamba.”

“Iii, achemwali, mwayamba nanunso?”

“Ndi la mlendo.”

Lachisanu bwalo linadzaza mpaka m'mawindo, pakuti msika wonse unamva kuti Zelesi wapempha kuyezanso, ndipo anthu amakonda kuonerera munthu akudzikumbira yekha. Iye analowa atanyamula jagi yovundikira ndi kansalu, botolo lija atalimangirira m'chitenje.

“Mayi,” anatero a Nduna mwachifundo, “mukungotitayitsa nthawi. Sabata yathu ikutha lero, ndipo masana tili ndi phwando lotsekera.”

“Ndi ufulu wanga, bwana. Munaumeza nokha.”

A Kamwendo anawatulutsa m'chipinda muja akunjenjemera kuposa Lachiwiri. Zelesi anathira yekha m'kapu yachitsulo, atatembenukira kukhoma, n'kuwagwirira pakamwa monga anaonera kwa Lufeyo. Atangolawa, a Kamwendo anakweza maso n'kumuyang'ana. Anamwa yonse.

“Likukoma bwanji lalero?” anafunsa a Nduna.

“Umboni wanga ndi miyendo, bwana.”

Miyendoyo inachitira umboni mosabisa mawu. Phazi loyamba linaponda pamzere mwangozi. Phazi lachiwiri linaponda loyamba. A Kamwendo anazungulira kawiri ngati nkhuku yodulidwa mutu, n'kugwira mbendera, mbendera n'kuwakana, ndipo anakakhala pansi mwaulemu patsogolo pa mfumu.

“Laukali kuposa lija!” anakuwa a Mkombaphala. “Mlembi, lemba: chimene chili mu jagi iyi ndi mowa, mowa waukali, woopsa ku mtundu!”

“Ndizomwezo!”

Phokosolo linagwedeza mpando wa zikopa, ndipo mutu wa mfumu unagwera kutsogolo.

“Yavomera,” anatero mlembi, akulemba.

Pamenepo Zelesi anachotsa kansalu kaja, n'kukweza jagi m'mwamba, n'kuthira pansi pang'onopang'ono kuti aliyense aone. Zinatuluka zoyera mbee, zopanda ngakhale gaga.

“Ndatunga m'chitsime chanu chomwechi, pakhomo pa mfumu, m'mawa uno,” anatero. “Msilikali wapachipata uyo ndi amene anandikokera chingwe. Achimwene, ndikunama?”

Msilikaliyo anayang'ana a Nduna, anayang'ana denga, n'kunena chapansipansi: “Anati akufuna kusukusula.”

Kuwindo wina anati, “Nanga ife timasamba mowa tsiku lililonse osadziwa?” Wina anayankha, “Iwe usadandaule, sunaledzerepo chiyambire chaka.” Apolisi anakuwa kuti kukhale chete, koma nawonso mapewa ankagwedezeka.

Nduna zinaunjikana pakona. Nduna ya Maphunziro inati mwina choko n'chimene chili chokhota, agule china kunja. Nduna ya Zaumoyo inati a Kamwendo awapatse tchuthi, alembe miyendo ina yatsopano. A Mkombaphala anawayang'ana onse ngati ana. Iwo anali ataona kale kumene msewu umenewo ukupita: miyendo ikanama lero, ndiye kuti inanamanso pa chambiko, pa malambe, pa mahewu, ndipo ikanama podzandira, inanamanso powongoka. Tonthola akanafunika laisensi, akanatuluka m'sukulu, ndipo kunyumba kukanafunika kufotokozera Mayi Mkombaphala. Pa zinthu zonsezi, chomalizachi ndicho chinawatulutsa thukuta.

Anabwerera pakati pa bwalo, n'kukweza chala chawo chotchuka.

“Anthu a Ndizomwezo! Lero sayansi yathu yatulukira chimene mayiko akuluakulu alephera kuchiona. Miyendo ya ufumu sinama. Ngati Mlawi wamwa madzi n'kudzandira, ndiye kuti madzi ndi mowa!”

Kenaka Nduna ya Misewu inalumpha. “N'zoona! Mvula ikangogwa galimoto zonse zimayenda mokhotakhota, zina kugona m'mbali. Anthu amanena misewu yanga. Si misewu, ndi madzi!”

“Mwana akamwa madzi ambiri amakodza pamphasa,” inawonjezera Nduna ya Zaumoyo. “Chidakwa chimatani?”

“Ndipo ndani anaonapo nsomba itaima chilili?” inafunsa Nduna ya Maphunziro.

“Ndizomwezo! Ndizomwezo!”

Lamulo linalembedwa pomwepo, pabondo la mlembi, ndipo a Mkombaphala analiwerenga ndi mawu a pamaliro a munthu wolemera. Kuyambira lero madzi ndi mowa. Chitsime chilichonse, mjigo uliwonse ukhale ndi laisensi ndi loko, uzitsegulidwa masana. Mjigo wa pasukulu uzulidwe. Osakwana zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu asapezeke ndi madzi. Thobwa, pokhala lophikidwa ndi madzi, ndi mowa kawiri, ndipo mayi Zelesi apite kundende monga mwa lamulo la Lolemba.

“Nanga ana azimwa chiyani?” anafunsa mayi wina pakhomo, mwana ali kumsana.

“Tiyi alipo, mayi. M'golosale iliyonse.”

Mlembi anakhosomola pafupi ndi khutu la mfumu. Mutu unagwera kutsogolo. Apolisi awiri anayamba kuyandikira Zelesi, ndipo kunja amuna a chingwe aja, amene anabwera kudzaonerera, anagwirana chanza.

Kunatsala chinthu chimodzi chokha, chaching'ono, cha masiku onse. Wosunga chikho anatulukira kuseri, akuyenda pang'onopang'ono monga mwa mwambo, chikho chamkuwa chili m'manja onse awiri, chodzaza mpaka m'milomo. Anagwada. A Nduna anachilandira osayang'ana, monga anachitira kambirimbiri, n'kuchikweza.

“Imani kaye, bwana,” anatero Zelesi. “Muli chiyani m'menemo?”

Chikho chinaima pakati pa chifuwa ndi pakamwa.

“Achimwene osunga chikho, mwatunga kuti?”

“M'chitsime, mayi. Mmene timatunga masiku onse.”

“Momwe ndatunga ine?”

“Chitsime n'chimodzi.”

“Ndipo a Nduna panopa ali pa ntchito, kapena ali patchuthi?”

Palibe anavomera kuti ndizomwezo. Apolisi awiri aja anaima pamene anali, wina mwendo uli m'mwamba.

Zelesi anayenda mpaka pa tebulo la a Nduna. Sanakuwe monga Lolemba. Analankhula ngati akuuza kasitomala mtengo wa kapu.

“Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 6, bwana, ndiye mundikonze ndikalakwitsa. Mukameza lamulo lanuli ndi madziwo, likhala lamulo ali pakhosi, ndipo inu mwamwa mowa pa ntchito, anthu onsewa akuona. Miyezi isanu ndi umodzi, kaya mesenjala kaya nduna. Tikwera galimoto imodzi. Musadandaule, kumeneko ndikakuphunzitsani kuviika chimera, mukatuluke ndi luso. Mukapanda kumeza, pepalalo tikulungira usipa, madzi ndi madzi, miyendo yanama. Mundibwezere chidebe changa, chotsuka, ndipo chikwangwani chija muchizule pamtengo wanga dzuwa lisanalowe.”

“Mwambo… mwambo sunena kuti akhale madzi,” anatero a Nduna. “Umangoti nduna imwe. Chakumwa china chilichonse chololedwa…”

“Chambiko?” anafunsa wina kuwindo.

“Mowa!” anayankha anthu.

“Malambe?”

“Mowa!”

“Mahewu?”

“Anagwa mu Juni!” Amenewo anali mawu a Lufeyo.

“Ndinadziwa kuti mlendo wanga adzamva ludzu,” anatero Zelesi. Anamasula chitenje, n'kuika patebulo botolo lija la pa shelefu yapamwamba. Linali litatupa mpaka silinkatha kuima bwino. Linkagwedezeka lokha, likulira pachitsekerero ngati njoka yopondedwa mchira. Zilembo zofiira zinayang'ana a Nduna. “Chatsala chololedwa m'dziko muno ndi ichi chokha. N'cha kunyumba kwanu. Zaka zisanu mwamwetsa madalaivala, amayi a kwaya ndi ana a Sitandade 3, koma palibe anakuonanipo inuyo mukulawa. Mulibe mowa ngakhale dontho. Mezerani ameneyu, botolo lonse, kenaka mzere ndi uwo, choko sichinafufutike. Mukauwongola ngati a Kamwendo, ndipita kundende ndikuimba.”

A Mkombaphala, amene chibadwire chakumwa chawo chaukali chinali madzi a mandimu, anayang'ana botolo, anayang'ana mzere. Mapazi khumi ndi awiri aja anaoneka ngati msewu wopita kumalire a dziko.

“Polotsegula mulozetse kumene kulibe anthu, bwana,” anatero a Kamwendo ali pansi pomwe paja. Aka kanali koyamba m'zaka zisanu kuti pakamwa pawo pachitire umboni.

Bwalo linakhala chete, chete weniweni, amene sanamvekepo ku Bweranimawa chimangire nyumbayo. Mfumu Osandidzutsa Wachitatu inazolowera kugona m'phokoso la anthu ovomera, ndipo bata limeneli linailowa m'khutu ngati nyerere. Inatsegula diso limodzi, kenaka linalo. Mlembi anagwetsa cholembera, pakuti buku lake silinanene tanthauzo la mutu woima chilili.

“Bwanji simukuvomera?” inafunsa mfumu. “Kodi wamwalira wina? Mkombaphala, chikho changa ukuchigwiriranji ngati chikuotcha? Mayi uyu ndani?”

“Ndine Zelesi, mfumu, wa thobwa pa Pirirani. Ndikudikira yankho kwa a Nduna anuwa, ndipo anthu ali m'mawindowa akudikira nane.” Anatembenukira kwa a Nduna, n'kukankhira botolo lija pafupi ndi dzanja lawo lamanzere, pakuti lamanja linali ndi chikho, ndipo madzi anali atayamba kutayikira pa nsapato. “Masana muli ndi phwando, bwana, ine ndili ndi chimera pa dzuwa. Tisachedwetsane. Mumeza madzi, mumeza tiyi, kapena mukundipatsa chidebe changa? Yankhani, a Nduna! Pakamwa mwatsegula sabata yonse, lero musatseke. Yankhani!”